MANTHA OGULA NDI NDALAMA

Pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Kafue, munthu atapitirira Chilanga kumene amapanga simenti, amafika pa malo dzina lace Shimabala. A paulendo amawadziwa malowa cifukwa ca cipata ca msonkho cimene cinatsegulidwa pamenepo m'caka ca 2017, pakuti galimoto iri yonse iyenera kuima ndi kulipira isanapitirire. Koma kuseri kwa cipataco kuli midzi, minda, masitolo ang'ono ndi mipingo ya Mulungu, monga kwanu komweko. Ndinali kumeneko masiku a dzinja kukaceza kwa abale, ndipo tsiku lina mvula inandipeza panjira, ndinathawira pa khonde la sitolo ina. Pakhondepo ndinapeza anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, onse a msinkhu wa sekondale, alikukamba za mafilimu amene anaonera usiku wa dzulo lace pa foni ya mmodzi wa iwo.

Ndinakhala pa thumba la makala ndi kumvetsera. Mmodzi anati, "Yoyamba ija inali yozizira, ine ndinagona tulo isanathe." Mnzace anati, "Iwe, yaciwiri ija ndiyo filimu! Pamene mfiti inatulukira m'khoma, thupi langa lonse linacita tsemwe." Mtsikana anaseka, nati iye sakhuta ndi filimu yopanda magazi. Analikuweruza zoopsazo monga momwe anthu aweruzira ndiwo za pa ukwati, kuti izi mcere unacepa, izo mafuta anaculuka. Panalibe coipa pa nkhope zao. Anali ana okoma, ndipo anandipatsa moni mwaulemu pakufika ine.

Mvula iri pafupi kukata, panadutsa mai wina wokalamba atasenza nkhuni zonyowa, wowerama msana, diso limodzi loyera ndi ng'ala, milomo irikugwedezeka monga acitira okalamba oyenda okha. Pamenepo mnyamata mwini foni anagwira mnzace pa phewa, nati motsitsa mau, "Taona, si yemwe uja wa dzulo?" Onse anaseka. Maiyo sanaceuke, anapitirira ndi mtolo wace. Ndipo ine, munthu wa imvi, amene ndakhala zaka zambiri pa mpando wa akulu a mpingo, sindinanene kanthu. Ndinadikira mvula ikate, ndinatsazika, ndi kupita. Kukhala cete kwanga kumeneko ndiko kwandilembetsa mau awa.

Funso limene ndinapita nalo kunyumba ndi ili: kodi munthu wa Mulungu alakwa pamene agula mantha ndi ndalama zace, nakondwera nao, nawakamba m'mawa mwace mwa nthabwala? Ndidziwa kuti ena a inu, makamaka akulu anzanga, mwayankha kale mumtima kuti alakwa ndithu, ndi kuti kanema yense ndi msampha wa Satana. Ndikupemphani mudikire pang'ono. Mlandu woweruzidwa mofulumira umabwerera ku bwalo, ndipo ana athu sadzamvera ciweruzo ca munthu amene sanafune kumva mbali yao.

Tiyambe ndi ici, kuti zithunzi zoponyedwa pa nsalu usiku sizinafike kuno ndi anthu akunja. Zinafika ndi amishoni. M'mwezi wa January 1854 David Livingstone anali pa mudzi wa Shinde, mfumu ya Alunda, kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi. Anali ndi kabokosi ka nyali koonetsa zithunzi zazikulu mumdima, ndipo mfumu inafunitsa kuziona. Cithunzi coyamba cinali ca Abrahamu atakweza mpeni kuti aphe mwana wace Isake. Akazi a kubwalo anamvetsera ali cete pamene analikuwafotokozera nkhaniyo. Koma m'mene Livingstone anakoka galasi kuti aike lina, mpeni uja unaoneka ngati ulinkudza kwa iwo, ndipo anapfuula kuitana amai ao, nathawa ali balala, kugwerana okha okha. Mfumu inakhala cikhalire kufikira mapeto, ndipo pambuyo pace inapenyetsetsa kabokosiko kuti idziwe m'mene kagwirira nchito. Tinganene tsono kuti cionetsero coopsa ca usiku umenewo cinali nkhani ya m'Buku Lopatulika, ndipo woonetsa anali mtumiki wa Mau.

Nzeru ya Shinde ndiyo tiyenera kuyamba nayo: kupenyetsetsa bokosi. Filimu ndi zithunzi zoima, zojambulidwa cimodzi cimodzi, zimene zithamangitsidwa pamaso pathu 24 pa sekondi imodzi, kotero kuti diso linyengedwa niliyesa kuti zirikuyenda. Magazi amene mtsikana uja awakonda ndi madzi a utoto. Mfiti yotulukira m'khoma ndi munthu wolembedwa nchito, amene madzulo asamba kumaso, nalandira malipiro ace, napita kukadya ndi ana ace. Masiku ano zoopsa zambiri sizijambulidwa konse, zimangopangidwa m'kompyuta. Mwana amene wauzidwa zimenezi bwino wacotsedwa theka la mantha ace. Ndipo ndimva cisoni kuti akulu ambiri oletsa kanema sanafunsepo m'mene apangidwira. Paja Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndipo mipingo sinalekere pa nyali ya Livingstone. Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe la amishoni a maiko ambiri, International Missionary Council, linayesa kupanga mafilimu a anthu a kuno. Anapanga 35 ku Tanganyika, onena za njoka za m'mimba, za kusunga ndalama ku positi, za kukokoloka kwa nthaka ndi zina zotere, nayenda nao pa lole kufikira ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Mu 1948 maboma a nthawi imeneyo anakhazikitsa Central African Film Unit ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndipo magalimoto a kanema anafika m'midzi yambiri. Ambiri a ife tinaona filimu ya moyo wa Yesu, yopangidwa mu 1979, itamasuliridwa m'Cinyanja, pa nsalu yomangidwa pakati pa mitengo iwiri, ndipo tinaona amai alikulira pa nthawi ya mtanda. Tsono sitingathe kunena kuti cipangizoco ncoipa, popeza tacigwiritsa nchito tokha. Khasu lilima, khasu lomwelo litema munthu.

Komatu pali cinthu cimodzi cimene onse oonetsa kanema anaphunzira msanga: cithunzi sicitsala pa nsalu. Cimatsata woonera kunyumba. M'makomboni a ku migodi ya mkuwa, m'zaka za 1940 ndi 1950, anthu anali kusonkhana mazana mazana pabwalo kuonera anyamata a pa akavalo a ku America, oweta ng'ombe, oombera mfuti ndi omenya nkhonya. Ngwazi iri yonse ya m'mafilimuwo anaipatsa dzina la Jack, ngakhale dzina lace linali lina. Mai wina wophunzira wa ku America, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba za cikondi ca anthu pa Jack ameneyu. Ana anali kuoneka m'miseu ndi zipewa zopanga okha ndi timfuti tosema, alikuyenda monga Jack, kumenyana monga Jack. Palibe anawauza kuti atero. Zimenezo zinali zoseketsa kopambana kuopsa. Koma zitiphunzitsa kuti cimene calowera m'maso cidzafuna potulukira, kapena m'manja kapena pakamwa.

Nanga bwanji munthu afuna mantha, cinthu cimene acithawa masiku onse? Funso ili si la lero. Augustine, mwana wa kumpoto kwa Afrika, amene anabadwa m'caka ca 354 nakhala bishopu wa ku Hippo, anali wokonda masewero pa unyamata wace ku Carthage. Ndipo atakula anadzifunsa m'buku la kuulula kwace cifukwa cace munthu afuna kumvetsedwa cisoni poonera zinthu zimene sakadafuna kuti zimgwere iye mwini. Ife tingafunse comweco za mantha. Yankho lina nlakuti mantha oonera patali akoma cifukwa ali ndi malire. Mtima ugunda, thukuta lituluka, koma munthu adziwa kuti nyali zikayaka adzapezeka wamoyo pa mpando wace. Ndipo kupuma kuja kwa pamapeto, pamene coopsa capita, nkokoma ngati madzi kwa wocokera kumunda.

Makolo athu anacidziwa cimeneci asanaone kanema. Ndani wa ife sanakhale pa moto madzulo, atapanikizana ndi abale ace, kumva agogo alikusimba za cirombo comeza mudzi wonse, kapena za fisi wosanduka munthu kudzafunsira mbeta? Tinali kunjenjemera, ndi kupempha kuti asimbenso mawa. Sindikhulupirira kuti agogo anali kucimwa. Mantha a m'nthano anali ngati katemera: kabala kakang'ono kophunzitsa thupi kulimbana ndi nthenda yaikulu. Anaphunzitsa mwana kusayenda yekha usiku, ndi namwali kusatengeka ndi mlendo wa mau okoma. Koma taonani mpanda umene makolo anamangira mantha amenewo. Wosimba anali munthu wokukonda, amene anali kuyang'ana nkhope yako pa kuwala kwa moto, naleka akaona kuti zakukulira. Nthano inali ndi nthawi yace, sinali kusimbidwa masana. Inali ndi mapeto ace, ndipo wosimba anali kuitseka ndi mau odziwika, kuti onse adziwe kuti tabwerera ku dziko lenileni. Ndipo coposa zonse, cirombo cinali kukhala kutali, kuthengo, kutsidya kwa mtsinje wopanda dzina. Sicinali ndi nkhope ya mai wa nyumba yacitatu kucokera pa citsime.

Mpanda ukacoka, mantha ayamba kudya mwini wace. Augustine yemweyo asimba za bwenzi lace Alypius, mnyamata wofatsa, amene anzace anamkokera ku bwalo la ku Roma kumene anthu anali kuphana ndi malupanga kuti khamu likondwere. Iye analowa monyinyirika, natsinzina kuti asaone kanthu. Koma pamene mmodzi anagwa, khamu linapfuula, ndipo iye anatsegula maso kamodzi kokha. Anaona magazi, ndipo sanathenso kucotsako maso. Anabwerera kwao ali munthu wina, nayamba kupitako yekha ndi kukokanso ena. M'bwalo lija anthu anali kufa zenizeni, ndipo pa foni safa. Kusiyana kumeneku nkwakukulu, sindikucepsa. Koma njala ya maso iri yomweyo, ndipo imakula ndi kudya. Mtsikana wa pakhonde uja sanabadwe wosakhuta ndi filimu yopanda magazi. Inalipo filimu yoyamba imene anaionera atabisa nkhope m'citenje.

Komabe ngozi imene inandigwira mtima pa Shimabala si imeneyo. Ndi yakuti filimu imodzi siigwa pa nthaka yofanana. Nkhani yodziwika ya Dracula, mzukwa woyamwa magazi a anthu usiku, inalembedwa ndi Bram Stoker wa ku Ireland mu 1897, ndipo inajambulidwa ku America mu 1931. Munthu wa ku London ataionera atuluka, naseka, nakwera basi. Sipadzakhala m'mawa mwace khamu pa khomo la mnansi wace. Kwa iye woyamwa magazi ndi wa m'buku, wocokera m'linga la kumapiri a dziko lakutali. Kwa ife sikutero. Akulu akumbukira mbiri ya banyama, imene inazunguza Northern Rhodesia kuyambira zaka za 1920 kufikira za 1950: yakuti kuli anthu olembedwa nchito yogwira anzao ndi kuwacotsa magazi. Ananenedwa ubanyama anchito a boma oyenda m'thengo, ananenedwa ansembe, ndipo m'masiku a mkangano wa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland ananenedwa ngakhale oulutsa mau pa wailesi ya ku Lusaka.

Wina angati izo nzakale. Iai. M'miyezi ya September ndi October 2017, ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo m'Malawi, mbiri ya anamapopa inaphetsa anthu angapo m'manja mwa makamu, ndipo anchito a cithandizo anaopa kuyenda m'midzi. Kuciyambi kwa 2020 mbiri ya othira mankhwala okomola m'nyumba usiku, imene inayambira ku Chingola, inafalikira m'Zambia monse, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa ndi makamu pongoganiziridwa, ena a iwo alendo odutsa cabe. Sindinena kuti mafilimu ndiwo anacita zimenezi. Mantha amenewa anali nafe kanema asanafike. Ndinena kuti udzu wathu uli wouma. Munthu woyatsa fodya pa mcenga wa kunyanja ndi munthu woyatsa fodya m'dambo mwezi wa October acita cinthu cimodzi, koma mlandu wao suli umodzi.

Ndipo mafilimu amene ana athu awakonda kopambana si a Dracula ai. Ndi a Afrika anzathu. Mu 1992 ku Nigeria kunatuluka filimu dzina lace Living in Bondage, ya munthu amene anapereka mkazi wace nsembe kuti alemere, nazunzidwa ndi mzimu wa mkaziyo kufikira anapulumutsidwa ndi mapemphero. Inagulidwa kwambiri pa matepi a vidiyo, ndipo pambuyo pace panatsata mafilimu osawerengeka a mtundu womwewo, amene anafika kuno pa matepi, kenaka pa madisiki, tsopano pa foni. M'mafilimu amenewa mulibe linga la kumapiri. Muli mudzi wonga wathu, nyumba zonga zathu, mpongozi, mkazi wamasiye, amalume a nsanje, nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. Woonera sanena kuti, "Nthano iyi njokoma." Anena kuti, "Aonetsa zenizeni." Ndawamva mau amenewa pakamwa pa akulu a mpingo.

Alipo amene adzaikira kumbuyo mafilimu otere, nadzati, "Kodi sathera pa cigonjetso ca Yesu? Kodi mbusa safika pamapeto ndi Buku m'manja, mfiti nigwa pansi?" Ndibvomera kuti afika. Koma werengani nthawi. Maora awiri apatsidwa kwa mdima, kuonetsa mphamvu zace, zida zace, misonkhano yace ya usiku, ndi luso lonse la wojambula. Mphindi zisanu zotsiriza zipatsidwa kwa kuunika. Mwana akagona, alota ziti? Alembi a Uthenga Wabwino sanacite motero. Sabisa kuti kuli mizimu yoipa, koma aipitirira msanga, ndipo maso ao akhala pa munthu wociritsidwa, monga uja wa kumanda ku dziko la Agerasa, amene anansi ace anampeza wodekha, misala yace itatha. Ndipo pali cinthu cimene ndipempha ali yense akacifufuze yekha m'mabuku anai aja: Ambuye anatulutsa ziwanda zambiri, koma palibe ndi pamodzi pomwe pamene analoza munthu wa m'mudzi kuti ndiye anatumiza ciwandaco. Pamene ophunzira anafuna kudziwa wolakwa pa munthu wobadwa wosaona, Iye anakana kuwapatsa dzina. Filimu imene ipatsa woonera nkhope ya wolakwa yapitirira pamene Mbuye wathu anaima, ngakhale ithere ndi nyimbo ya Mulungu.

Ndipo zipatso zaoneka. Mu 1999 anthu a mpingo wina ku Nigeria komweko anapanga filimu dzina lace End of the Wicked, yoonetsa ana ang'ono alikutuluka m'matupi ao usiku kunka ku msonkhano wa mfiti, ndi kudzetsa tsoka pa makolo ao. M'zaka zotsatira, m'cigawo ca Akwa Ibom, ana ambiri anapitikitsidwa m'nyumba, kumenyedwa, ena kutenthedwa, ponenedwa ufiti; ndipo amene anali kutola ndi kulera anawo anachula filimuyo pakati pa zinthu zimene zinakoleza motowo. Eni filimu anakana mlanduwo. Koma bvutolo linakula kotero kuti mu 2008 boma la cigawoco linaika lamulo lolanga ali yense wonena mwana kuti ndi mfiti. Ici cinacitika pakati pa anthu obatizidwa, opemphera m'dzina lomwelo limene ife tipempheramo.

Tsono mnyamata wophunzira adzati, "Ine ndidziwa kuti ndi utoto ndi kompyuta, sindikhulupirira kanthu, ndiseka cabe." Ndimkhulupirira. Ku Korinto kunalinso anthu odziwa, amene anazindikira kuti fano ndi mtengo cabe, ndi kuti nyama yoperekedwa kwa fano iri nyama monga inzace. Paulo sanawatsutse pa cidziwitso cao. Anabvomera kuti alondola. Koma anawakumbutsa za mbale wa mtima wofooka amene alikupenya, amene kwa iye fanolo likali ndi mano. Ndipo iye mwini anasankha kuleka nyama kusiyana ndi kugwetsa mbaleyo. Pakhonde paja panali anai oseka. Koma panalinso kamwana ka zaka ngati zisanu, mlongo wace wa mwini foni, kataima pa khomo la sitolo ndi botolo la mafuta ophikira, maso ali pa nkhalamba ija. Iko sikanaseke.

Umo ndimo mbiri ibadwira. Palibe munthu adzuka m'mawa nati lero ndinamizire mkazi wamasiye. Mnyamata anena nthabwala. Kamwana kaitola, nikakauza anzace kuti agogo a nkhuni aja anaoneka m'filimu alikutuluka m'khoma. Ana ayamba kuthawa akawaona pa citsime. Amai aona ana alikuthawa, nati ana ali ndi maso. Ikafika miyezi ya udzudzu, khanda lina ligwidwa malungo, likomoka, limwalira. Ndipo pa maliro wina anong'ona kuti ngakhale ana anadziwa kale. Pofika pamenepo palibe akumbukira foni, kapena mvula, kapena khonde la sitolo. Yakobo anayerekeza lilime ndi moto, ndipo ife a kumudzi tidziwa kuti wotentha thengo sakhalapo pamene nkhokwe zirikupsa. Lamulo la dziko la Zambia, ciyambire 1914, liyesa mlandu kunena munthu kuti ndi mfiti. Koma lamulo la Mose loletsa umboni wonama ndi lakale koposa, ndipo silipatula umboni wonenedwa moseka.

Kuti ndisaoneke ngati wodana ndi kanema, ndichule filimu imodzi imene ndikadakonda mipingo yathu iionere pamodzi. Mu 2017 Rungano Nyoni, mai wobadwira ku Lusaka nakulira ku Wales, anatulutsa filimu dzina lace I Am Not a Witch, ndiko kunena kuti, sindine mfiti. Inajambulidwa m'Zambia, Cinyanja cimveka m'menemo, ndipo mu 2018 inalandira mphotho ya BAFTA ku Britain. Ndi nkhani yopeka ya kamtsikana dzina lace Shula, kamene kanenedwa ufiti cifukwa mai wina anagwa ndi cidebe ca madzi iko kataima pafupi kalikumyang'ana. Mulibe mzukwa m'filimuyo, mulibe wotulukira m'khoma. Koma ine inandiopsa koposa zonse, pakuti coopsa cace ndi khamu la anthu wamba, otsimikiza mtima, ndipo pakati pao ndinaona nkhope yonga yanga. Mantha a mtundu uwu atembenuza cala ca munthu kuti ciloze pa cifuwa cace.

Cotero ine sindiika lamulo lakuti Mkristu asaonere coopsa, ndipo ndikayika ngati lamulo lotere lingasungidwe pamene kanema ali m'thumba la mwana. Funso limene ndaphunzira kufunsa si lakuti filimu inali yoopsa kapena iai. Ndi lakuti, mantha amene ndatuluka nao ndikawatula pa yani? Pakuti mantha ndi katundu, ndipo munthu sayenda nao nthawi yaitali osafuna powatula. Akatha ndi kuzima kwa foni, monga a m'nthano anali kutha ndi kuzima kwa moto, palibe mlandu waukulu. Akandiperekeza ku pemphero, ndapindula. Koma ndikapeza kuti m'mawa ndirikuyang'ana mnansi ndi diso lina, kapena ndalambalala nyumba imene dzulo ndinapalako moto, pamenepo filimuyo yandidya, ndipo kuli bwino ndiisiye ngakhale ikome bwanji. Kwa makolo ndingoti, agogo athu sanatiletse zirombo, koma sanatisiye nazo tokha mumdima. Mwana woonera yekha m'bulangete pakati pa usiku alibe womyang'ana nkhope, alibe womtsekera nthano.

Lamulungu ndinampeza mnyamata wa foni uja pa khomo la chalichi, pakuti anali wa kwaya. Titatuluka ndinamuitana pambali, pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinayamba ndi kupepesa kuti ndinakhala cete tsiku lija. Anadabwa, anali ataiwala zonse. Nditamkumbutsa anaseka pang'ono, nati, "Agogo, kunali kuceza cabe. Ife sitiganiza kanthu pa amai aja." Ndinati, "Ndidziwa, mwana wanga. Nanga mlongo wako wamng'ono uja aganiza ciani?" Anakhala cete, nakanda pansi ndi nsapato. Pambuyo pace anati kamwanako kanakana kutumidwa ku citsime dzulo lace, osanena cifukwa.

Ndinamfunsa ngati alipo wowatemera nkhuni amai aja. Anati palibe, ana ao ali ku Lusaka ndi ku Mazabuka, sabwera kawiri kawiri. Sindinamlamule kanthu. Tinalawirana, iye nabwerera kwa anzace, ndipo ndinamva alikuyamba kukamba za filimu ina yatsopano imene wina anali atabwera nayo kucokera ku Kafue.

Lolemba m'mawa, ndiri pa mseu kudikira basi ya ku Lusaka, pafupi ndi mzere wa malole oima pa cipata ca msonkho, ndinaona mai uja alinkudza ndi mtolo wace monga kale, yekha. Kumbuyo kwace, patali ndithu, panali kamwana kaja, kataima pa mphambano, manja kumbuyo, kalikuyang'ana. Basi inafika, ndipo kondakitala anandilowetsa msanga ndisanaone ngati kanatsata kapena kanathawa.